Phanga la Kuseri kwa Nyumba

Chinayamba ndi waya woyanikira zovala. Chilowereni m'nyumba ija ku Katawa, wayayo anali wolendewera, moti matewera ankakhudza pansi ndikapanda kuchirikiza ndi kamtengo. Ndiye m'mawa wina mu Epulo, mvula itavumba masiku ambirimbiri osapumira, ndinapeza waya ali gwa, wokungika ngati wa gitala. Wamukoka ndani? Bambo a ana anga anali ku Chikangawa kocheka matabwa, ankabwera mwezi ukatha. Pakhomo tinalipo ine, mwana wanga wamkazi wa zaka zinayi, ndi khanda la kumsana.

Maganizo anga anathamangira kwa mayi a chitseko chinacho. Nyumbayo inali ya mabanja awiri, iwo chakumtunda, ife chakumunsi, komwe bwalo limathera pa chiphompho cha kamtsinje. Anali a ku Nkhata Bay, ogulitsa usipa mumsika, pakamwa ngati wailesi. Tinali titakanganapo kale za malo oyanika, ndiye ndinati basi, ayambanso.

Ndinangoyamba kuonetsetsa. Chitseko cha chimbudzi chinayamba kukana kutsekeka. Nthochi za m'mphepete zinapendekera. Kenako ndinapeza mwana wanga atanjuta kuseri, akuponya tizitsekero ta mabotolo mu mng'alu wautali, wowongoka ngati wina wacheka nthaka ndi mpeni. Kwathu ku Dowa, munthu akacheka pansi pakhomo pa mnzake ndiye kuti wakwirira mankhwala. Ndinathiramo mchere, ndinapemphera, mwana ndinamukalipira mpaka analira.

Mawa lake ndinawadikira pakhonde.

"Mwawuka uli, mama?" anandilonjera mayi aja, dengu lili pamutu.

"Tawuka. Koma mayi, ndani akusewera ndi waya wanga? Nanga wacheka pansi kuseriku ndani?"

"Ine? Ndisiye usipa ndizikakoka waya? Agulitse ndani, apongozi ako?" Anaseka mpaka dengu linagwedera. Koma atasuzumira kuseri kuseka kunatha. Anatula dengu. "Iwe mwana, mzati wa waya uwo sukuuona? Ukugwadira kumtsinje. Palibe wakoka waya, nthaka ndiyo ikuchoka."

Anandiuza kuti kwawo kunyanja zimenezi amakula nazo. "Madzi sayamba pamwamba ayi. Mwera ukawomba, mafunde amakumba kunsi kwa gombe, kukumba, kukumba, pamwamba udzu uli bwinobwino, mbuzi zikudya. Tsiku lina gombe lonse khu! Ndipo wina wa loji ya alendo atamanga khoma la miyala kuti ateteze pake, madzi anangokhotera kwa ife. Mango a amayi anga anapita ndi mizu yomwe." Analoza kutsidya, komwe bwana wina anali atangomanga nyumba yaikulu, m'mphepete ataunjika miyala yomangidwa m'mawaya. "Madzi ankagona tsidya lija, awathamangitsa. Ndiye akadye kuti? Chokapo apa, ana awa ndi ang'ono chomene."

Chokapo. Mawu amenewo ndi amene anandiimitsa mutu. Si mayi omwewa ankadandaula kuti mng'ono wawo akusowa nyumba pafupi ndi tauni? Ndinati ohoo, nkhani yake ndi imeneyi. Andiopseze ndi za kunyanja, ine ndisamuke, m'bale wawo alowe. Kuno ku Mzuzu kuli nyanja?

Komabe ndinaitana alandilodi. Anabwera atavala jekete ndi magambutsi, bambo aulemu wawo, akusekerera. "Yewo mama, mwachita bwino kundiuza. Palibe vuto, tiyikapo matumba a mchenga. Nyumba iyi ndinamanga ndekha, maziko ake ndi amwala. Osamamvera anthu a mumsika." Ine maso anali pa mapazi awo. Nthawi yonse yomwe ankalankhula, sanadumphe mng'alu uja. Ankaloza ndi ambulera ali patali. Amuna awiri omwe anawatuma anabweradi ndi matumba, koma mchenga wodzazamo ankaufukula pansi pa chiphompho chomwecho. Ndinaonera pawindo. Kodi munthu amasoka chigamba podula nsalu yomweyo?

Ndinaimbira bambo a ana. Netiweki ikudukaduka, ndinangomva kuti, "Usapupulume, udikire ndibwere." Ndidikire. Mvula nayo idikira?

Aliyense anali ndi chake chofuna, mayi aja nyumba, alandilodi lendi, bambo a ana mtendere. Ndinati ndikadzionere ndekha. Masana ena mvula itakata pang'ono, mayi aja ali pakhonde pawo kusankha usipa, ndinauza mwana wanga kuti akhale m'nyumba asatuluke, ndinamanga khanda kolimba, ndinatenga mtengo wa mopu, n'kutsika kanjira koterera ka anthu ochapa. Madzi anali ofiira, ozizira, ofika m'mawondo, ndipo ndinaona ndi maso anga momwe ankamenyera miyala ya bwana uja n'kubwerera molunjika kwathu. Matumba ena anali atapita kale.

Nditawerama ndinaona phanga. Pansi pa bwalo lathu panalibe kanthu. Mizu ya nthochi inali lende ngati tsitsi, madzi akudontha, dothi likugwa lokha timibulu timibulu. Ndinalowetsa mtengo wa mopu, wonse unalowa, ndi dzanja lomwe, osagunda kanthu. Pamene ndinkachapira, pamene mwana wanga ankaphikira masanje ake, panali ngati chikhokho cha mkate basi.

Kenako dothi linandiwazikira kumaso. Di, di, di, pamwamba pa mutu wanga. Timapazi.

"Amama! Amama muli kuti?"

Anali atatuluka. Ankadumphadumpha pamwamba penipeni pa phangalo. Ndinafuna kukuwa, koma ndinadziwa kuti akamva mawu anga kumunsi athamangira kumphepete kudzasuzumira. Khanda linayamba kutakataka kumsana. Ndinalankhula monyengerera ngati palibe kanthu.

"Mami, tikusewera chibisaliro. Usandiyang'ane. Thamangira kwa anti a usipa, akuti akupatsa switi. Thamanga!"

Kunali zii. Dothi linagwanso. Kenako timapazi tija tinamveka tikupita, tikupita.

Momwe ndinakwerera kanjira kaja sindikudziwa, mawondo onse anali magazi. Ndinapeza mayi aja atamugwira mwana pamkono zolimba, iye akulirira switi wake. Anandiyang'ana matope, ine ndinawayang'ana. Sanati ndinakuuza. Kaya mng'ono wawo ankaifunadi nyumbayo kaya ayi, mpaka lero sindidziwa, ndipo tsiku limenelo zinalibenso ntchito.

Ku Mzuzu konse m'bale ndinali naye mmodzi, mlongo wa bambo a ana, ku Kaning'ina. Sitinkamwerana madzi, chifukwa pa ukwati wathu ananena pagulu kuti mchimwene wake watola mkazi wosaphunzira. Ndinali nditalumbira kuti pakhomo pake sindidzapondapo. Ndinakulunga mabulangete, matewera ndi poto mmodzi m'chitenje, zina zonse ndinazisiya momwemo, osauza alandilodi, osaimbiranso ku Chikangawa. Katundu pamutu, khanda kumsana, mwana kudzanja, mvula nayo inayambiranso tili m'njira.

Alamuwo anatsegula chitseko, anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwathawa banja?"

Ndinagwada pakhonde pomwepo, m'madzi.

"Alamu, munditukwane mmene mungafunire, ndimva. Olo kukhitchini tigona. Koma ana awa ku Katawa sabwererako."

Ndinamukankhira mwana wanga m'nyumba iwo asanayankhe.