Funso Limene Mayi Lusia Manuel Anapita Nalo

Mphakati wathu, kagulu ka Akatolika a ku Lungwena, wagwetsa mzati. Mayi Lusia Manuel, amene akhala akuchapa nsalu za paguwa kuyambira ambirife tisanabadwe, anatisiya mwezi wathawu. Titagwirizana zolemba moyo wawo m'nyuzi ya parishi ino, panabuka kamkangano. Ena anati tilembe za ntchito zawo zokha, za funso lawo lija tisiye, lingasokoneze achinyamata. Koma amene anawadziwa mayiwa akudziwa kuti funsolo ankadzuka nalo, kupita nalo ku Misa, n'kubwerera nalo kunyumba. Kulisiya kukanakhala kulemba za munthu wina.

Lusia anabadwira tsidya la malire, m'dziko la Mozambiki, m'banja lachikatolika, ndipo anabatizidwa ali khanda. Nkhondo ya ufulu itafika kwawo, banja lonse linathawa wapansi kudutsa m'mapiri. Mayi ake anamwalira panjira. Amene anafika kunyanja kuno anali awiri okha, mtsikanayo ndi bambo ake a Manuel, mapazi ali zilonda zokhazokha, opanda ngakhale chikho chomwera madzi.

Anawalandira ndi Che Omari, msodzi wachisilamu amene sankawadziwa n'komwe. Msodziyo anapatsa a Manuel kanyumba ndi kamunda, ndipo Lusia anamugoneka pamphasa imodzi ndi mwana wawo Sakina. Masiku amenewo tchalitchi chinali kutali, choncho Lamulungu lililonse Che Omari ankatulutsa njinga yawo n'kuitsamiritsa pakhomo pa a Manuel, uku akukuwa kuti, "Akhristu inu, dzuwa latuluka, mukufuna Mulungu wanu achite kukudikirani?" Atsikana awiriwo anakula ali ponda apa nane mpondepo. Sakina ndiye anaphunzitsa Lusia Chiyao, kusambira, ndi kuyanika usipa pathandala.

Funso linabadwira m'kalasi la katekisimu. Mphunzitsi wa mpingo wa nthawi imeneyo, a Rabson, anali munthu wolimba ngati mwala, wophunzitsa zimene naye anaphunzitsidwa. Tsiku lina anauza anawo kuti khomo lakumwamba ndi limodzi, ndipo wosabatizidwa sakalowapo. Anawaphunzitsanso kuti munthu akakhala pafupi kufa ndipo wansembe kulibe, Mkhristu aliyense angathe kumuthira madzi pamutu n'kunena mawu a ubatizo. Lusia anakweza mkono.

"Aphunzitsi, nanga Sakina?"

"Sakina ndani?"

"Mchemwali wanga, mwana wa Che Omari."

"Ameneyo ndi ntchito yako," anayankha a Rabson. "Ukam'siya, udzam'yankhira."

Mwanayo anathamanga ulendo wonse kubwerera kumudzi, mtima uli m'mwamba. Anapeza Sakina akutsuka mbale kudooko, namuchonderera kuti abatizidwe. Sakina anaseka mpaka kugwetsa mbale m'madzi. "Iwe Lusia, ine ndimasamba ndisanapemphere swala iliyonse, iwe anakusambitsa kamodzi uli khanda. Ndiye wofunika madzi ndani pamenepa?" Lusia analira, Sakina anamupukuta misozi ndi nsalu yake, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Koma mumtima mwa Lusia sinathe.

Atakula anakwatiwa ndi Mkhristu mnzawo, msodzi, ndipo Mulungu anawapatsa ana. Chimwemwe sichinakhalitse. Mwera unagubuduza bwato chaka china, amuna awo osapezeka. Mayi Lusia sanakwatiwenso. Analera ana ndi usipa wa pathandala, iwo ndi Sakina, amene tsopano ankatchedwa Abiti Omari, akuyanika mbali ndi mbali. Njala itavuta ankaphika m'mphika umodzi. Mwana wamwamuna wa Mayi Lusia atamwalira ndi malungo, amene anakhala nawo pamphasa mpaka misozi itauma anali Abiti Omari.

M'mavuto onsewa sitinawamvepo akudandaula. Loweruka ankasesa m'tchalitchi. Nsalu za paguwa ankazichapa paokha, m'beseni limene sankalola kuti muchapidwe china chilichonse. Wodwala akakhala m'mudzi, kaya Mkhristu kaya Msilamu, ankafika ndi kaphala m'kapu ndi korona yopempherera m'thumba. Ankakonda kunena kuti, "Wodwala safunsidwa mpingo, amafunsidwa ngati wadya." Analinso kuthandiza amayi pochira, ndipo makanda angapo a Akhristu amene anabadwa akupuma mobanika anawabatiza ndi manja awo, n'kukanena kwa ansembe monga mwa lamulo. Ubatizo wa pangozi ankaudziwa bwino.

Akuluakulu amati kufunsa n'kudziwa njira, koma Mayi Lusia akafunsa ndi pamene njira zinkachulukira. Wansembe aliyense watsopano, asanadziwe n'komwe kumene kuli chitsime, ankakumana ndi mayi wamfupi pakhomo la tchalitchi, manja kumbuyo. Wansembe wina wokalamba wochokera kunja anawayankha mofatsa kuti Mulungu ali ndi njira zake zofikira anthu, zimene ife sitizidziwa. Mayi Lusia anagwedeza mutu mwaulemu, kenaka anati, "Zikomo abambo. Nanga ngati zili choncho, inu munavutikiranji kusiya kwanu kubwera kuno?" Wansembeyo anaseka, nkhope ili psuu, nati funso limenelo akaliganizira.

Tsiku lina ali kumsika ku Mangochi anamva mlaliki wa chimkuzamawu akulalika kuti onse osalandira Yesu akapsa, osatsalapo ndi mmodzi yemwe. Mayi Lusia anabwerera kumudzi osagula chimene anapitira. Anayang'ana Abiti Omari akutembenuza usipa, akuimba kanyimbo ka Chiyao, ndipo anayesa kumuganizira ali pamoto. Maganizowo anakana. Anayesanso kuganiza kuti mwina mawu amene amamva Lamulungu lililonse, akuti njira ya kwa Atate ndi Ambuye Yesu, ndi ongokometsa. Nawonso maganizowo anakana.

Wansembe wina wachinyamata, wophunzira kwambiri, anakhala nawo pansi nawafotokozera bwinobwino. Anati onse opulumuka amapulumuka kudzera mwa Khristu, koma munthu amene sanamudziwe Khristu, osati mwa kulakwa kwake, ngati afunafuna Mulungu ndi mtima woona, chifundo chingathe kumufikira. Mayi Lusia anamvetsera mpaka pamapeto, ndipo nkhope yawo m'malo mowala inagwa.

"Abambo, Sakina akumudziwa. Ndinamuuza ndine ndemwe, tili atsikana. Ndiye kuti ndikanakhala chete akanapulumuka? Kumuuza kwangako ndiye kunamupalamulitsa?"

Wansembeyo anati ayi, kumva dzina si kudziwa, ndipo za mumtima amaweruza ndi Mulungu yekha. Mayi Lusia anathokoza, natenga tsache lawo. Pobwerera anauza mnzawo wa mumphakati kuti, "Akuti khomo ndi limodzi, akutinso alipo olowa osaliona khomolo. Ine mutu wanga ndi waung'ono, zimenezi sizikukwanamo."

Zaka zinapita, onse awiri anachita imvi, ndipo Abiti Omari anadwala matenda a m'mimba amene achipatala anawabweza nawo kunyumba. Mayi Lusia anasamukira komweko kukadwazika. Lachisanu lina masana, amuna onse ali kumzikiti, mwana wamkazi wa wodwalayo, Hidaya, ali panja kuphika, awiriwo anatsala okha m'nyumba. Mpweya wa Abiti Omari unali utasintha. Mayi Lusia anali ataonapo anthu ambiri akutsirizika, ndipo anadziwa kuti dzuwa limenelo mnzawo salionanso likutuluka. Anatunga madzi m'kapu, nakhala nayo m'manja pambali pa mphasa. Mawu a a Rabson anawabwerera ngati anenedwa dzulo. Anaganiza zomufunsa komaliza ngati angalole kubatizidwa, koma sanatero.

Abiti Omari anatsegula maso, naona kapuyo.

"Wachita bwino, mchemwali," anatero ndi mawu otsika. "Nthawi ya swala yakwana. Manja anga sakutha. Ndisambitse."

Mayi Lusia anali ataona kusamba kumeneku moyo wawo wonse, sanafunikire wowauza. Anamusambitsa m'manja. Anamupatsa madzi otsuka m'kamwa. Anamusambitsa kumaso, ndi mikono mpaka m'zigongono. Kenaka panafika popaka madzi kumutu. Ananyowetsa dzanja naliika pa imvi za Sakina, ndipo apo mawu a ubatizo anafika pamilomo okhaokha. Madzi analipo, mutu unalipo, panalibe wina woona. Sakina anali atatsinzina, milomo ikuyenda, akulankhula kale ndi Mulungu m'mawu amene bambo ake anamuphunzitsa, atadzipereka yense m'manja mwa mnzake popanda kukayika. Mayi Lusia anameza mawuwo. Anatsikira kumapazi, nawasambitsa ndi madzi otsalawo, namutembenuzira kumene Asilamu amayang'ana poswali. Abiti Omari anamwalira dzuwa lisanalowe.

Lamulungu lotsatira Mayi Lusia anapita kukalapa. Zimene zinanenedwa m'menemo ndi zawo ndi Mulungu, koma iwo eni anatiuza pambuyo pake kuti anasowa chonena. Sankadziwa ngati tchimo lawo linali kufuna kubatiza munthu mobisa kapena kulephera kumubatiza. Anauzidwa kuti munthu wamkulu sabatizidwa asakufuna, ndipo akanatero ukanakhala kuba, osati ubatizo. Izi zinawapepuza pang'ono chabe. "Nanga ndinalekeranji kumufunsa?" ankatero. "Mwina akanavomera. Mwinanso akanafa ali wokhumudwa nane. Ine sindidziwa." Kuyambira pamenepo korona yawo ya tsiku ndi tsiku inali ya Sakina. Wina atawafunsa ngati zimaloledwa kupempherera Msilamu wakufa, anayankha kuti, "Ngati siziloledwa, Amayi Maria akandibwezere, koma mpaka pano sanandibwezerepo."

Ukalamba utawagwira, ana awo ali kutali, wina ku Monkey Bay wina ku Joni, anawatenga ndi Hidaya. Anawadyetsa, kuwasambitsa, ndipo Lamulungu ankawakweza pakabaza kuti asaphonye Misa. Miyendo itakana, ife a mphakati tinkapita kukapemphera nawo pakhonde la Hidaya, mwini nyumba akutiyalira mphasa.

M'mawa wa tsiku lomaliza Hidaya anaona kuti mayiwo afooka kwambiri. Anagwada pafupi, misozi ili mbwembwembwe.

"Amama, ndikupempheni kanthu. Nenani shahada, mawu ochepa chabe ovomereza kuti Mulungu ndi mmodzi ndi kuti Mtumiki ndi wake. Ndinena ine, inu muzingotsatira. Ndikuopa, amama. Mayi anga ankalira chifukwa cha inu. Swala iliyonse ankakutchulani, ankati Lusia ndi munthu wabwino chotere, kodi akatayika?"

Mayi Lusia anayang'ana kudenga, maso ali tong'o.

"Sakina ankalira? Chifukwa cha ine?"

"Kuyambira muli atsikana, ankatero."

Mayiwo anayamba kuseka, kuseka kopanda mphamvu kosakanikirana ndi chifuwa, misozi ikutsikira m'makutu. "Mfiti ya munthu! Zaka zonsezi thandala limodzi, osandiuza. Kani tinali awiri!" Atapuma anagwira dzanja la Hidaya. "Mwanawe, mawu akowo sindinena. Ndinabadwira kwa Yesu, ndifera kwa Yesu, sanandilakwirepo. Koma usachite manyazi, mantha akowo ndikuwadziwa, ndagona nawo moyo wanga wonse. Kandiitanire abambo."

Hidaya anapukuta maso, nakonza mpango wake kumutu, nakwera kabaza iye mwini mpaka kuparishi. Anabwera ndi bambo mfumu dzuwa lili paliwombo, ife ena tikutsatira pambuyo. Mayi Lusia analapa, anadzozedwa mafuta a odwala, nalandira Ukaristia ndi nkhope yowala ngati ya mwana. Tinayamba korona, ndipo ankatsatira ndi milomo. Tili pakati anakodola bambo mfumu ndi chala. Iwo anawerama, ndipo tonse tinaleka kupemphera kuti timve.

"Abambo, ine ndikupita, sindikuopa. Koma ndikakafika n'kupanda kumupeza Sakina, ndikafunse kwa yani?"

Bambo mfumu ndi munthu wodziwa kulankhula, koma tsiku limenelo anangogwira dzanja lawo. Hidaya anagwira linalo. Mayi Lusia anayang'ana uyu, nayang'ana uyo, ngati akudikira kuti mmodzi ayankhe. Palibe anayankha. Anapuma pang'onopang'ono, ndipo tisanamalize korona anali atagona.

Pamaliro pawo panadzaza zisoti ndi mipango ya mitundu yonse. Mbuzi anazinga ndi Che Ayub, mwamuna wa Hidaya, kuti aliyense adye, ndipo kwaya yathu inaimba mpaka mawu kusasa.

Amene amafuna kuti moyo wa munthu woyera uthere pa yankho, atikhululukire, ife tilibe. Chimene tinaona ndi mayi amene sanasiye Ambuye wake kuti asangalatse mnzake, ndipo sanasiye mnzake kuti mutu wake upume. Ananyamula onse awiri mpaka kumanda, ndipo katunduyo anali wolemera. Ambirife m'mudzi muno tili ndi Sakina wathu, wina ndi mlamu, wina ndi mayi wotibereka. Tiwapempherere Mayi Lusia Manuel kuti ause mumtendere. Iwo tsopano akudziwa, ife tikadafunsabe.