Botolo la Chitsononkho

Senderani kuno, kokani mikeka yanu, pakuti nkhani iyi si yofuula. Mwakhala mukundifunsa za ntchito ya filimu ija, ena mukuti ndinasewera bwino. Imvani kaye mmene zinalili.

Ine ndinabadwira konkuno ku Chembe, sukulu ndinangoiona ndi maso. Zaka zambiri ndinkatcheza kachasu. Mbiya imeneyo inandilerera ana, ndipo mbiya yomweyo inandidyera chitsirizira changa, Lusiya. Anayamba ndi kundilawira, anatsiriza ndi kugona m'ngalande. Tsiku lina ataledzera, mwana wake Tamala, wa zaka zinayi, anagwera pamoto nkupsa mkono. Bambo a mwanayo, a Saidi, ogulitsa nsomba ku Mangochi, anabwera kudzamutenga. Sanatukwane munthu. Anangoti, "Apongozi, akatha chaka osalawa, mwana ndidzabwera naye ndekha. Akalawa, ngakhale dontho, tiyambiranso kuwerenga." Tsiku lomwelo ndinaswa mbiya yanga.

Lusiya atapirira miyezi isanu ndi itatu, kunabwera anthu a filimu ochokera ku Blantyre, asanu okha m'kagalimoto kamodzi. Mkulu wawo anali mayi wamng'ono thupi, a Tadala, amene anzawo ankawatchula kuti dairekita. Ankafuna kujambula nkhani ya mayi amene mowa unamulanda mwana. Anapita ku gulu la osiya mowa limene limakumana kutchalitchi Lachitatu, anamumva Lusiya akulankhula, basi anamufuna kuti akhale mayi wa m'nkhaniyo. Kenako anafunsa ngati pali gogo wodziwa kutcheza, woti akhale wogulitsa kachasu m'filimumo. Gulu lonse linaseka, nkuloza kwathu.

Ndinakana. Ndinati, "Munthu wolumidwa ndi ng'ona mukufuna akasambe pomwe anagwidwa?"

A Tadala anati, "Agogo, m'mabotolo mwathu mudzakhala madzi okhaokha. Ndikulonjezani."

Lusiya naye anati, "Amayi, ndikufuna Tamala akadzakula adzaone kuti ndinadzuka." Ndinavomera, osati chifukwa chofuna ntchito, koma kuti diso langa likhale pa iye.

Ntchito ya filimu ndi ntchito yodikira. Umafika dzuwa lisanakwere, akupaka zopaka kumaso, akubisa kamaiki m'bulauzi, kawaya nkudutsa kumsana kozizira ngati njoka. Pansi amamata katepi, ndipo phazi lako liponde pomwepo, osati chala chimodzi kutsogolo. Wina amanyamula ndodo yaitali ya ubweya kunsonga, yotola mawu, wina amagwira chinsalu chonyezimira chobwezera dzuwa kumaso kwako. Amaomba kabolodi kokhala ndi nsagwada, a Tadala nkunena kuti "Akishoni." Lamulo lawo lalikulu linali limodzi: "Kaya mwaiwala mawu, kaya ntchentche yalowa m'mphuno, musaime mpaka ndinene kuti kati." Mawu anga ankandiwerengera madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe, ine nkumawasunga m'mutu ngati nyimbo ya kwaya.

Zida zotchezera ndinakonza ndekha: mbiya yobwereka pamafuwa, kukamwa kwake komata ndi dothi, mpope wodutsa m'kabwato ka madzi ozizira, botolo kunsonga. Woyang'anira katundu wa filimu anali bambo wa ndevu, a Yona, munthu waukhondo amene chilichonse ankachilemba. Iwo anathira madzi m'mbiya nkukoleza moto.

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo sindibisa. Ukatswiri unandiyabwa pakamwa. Ndinati, "Wogula kachasu sakhulupirira botolo. Amawaza pang'ono pamoto, ukakhala mutu, uja woyamba kudontha, moto umalilima. Madzi anuwa azimitsa moto, anthu adzakusekani." A Tadala maso anawala. Anatuma a Yona kukagula botolo limodzi la mutu weniweni, loti tiwaze pamoto basi.

Mabotolo awiriwo, la mowa ndi la madzi, anali ofanana ngati mapasa. A Yona anamata katepi pansi pa lililonse nkulembapo. Anandionetsa, ine nkugwedeza mutu, manyazi kunena kuti kwa ine zolembazo ndi mapazi a nkhuku. Ndinaika chizindikiro changa, chimene wotcheza aliyense amadziwa: la mowa ndinatseka ndi chitsononkho, la madzi ndinatseka ndi pepala. Sindinauze munthu. Ndinkaona ngati ndi zodziwikiratu.

Panali china chimene tinkakangana. Kwathu kuno wogulitsa mowa sapereka chikho asanalawe yekha, kuti wogula aone kuti mulibe mankhwala. Dzanja langa linazolowera zimenezo. Nthawi zonse poyeserera ndinkayamba ndalawa. A Tadala ankati, "Agogo, kulawako mulibe m'nkhani, kukutidyera nthawi." A Yona ankaseka, "Agogo akufuna atimalizire madzi." Ndinkalonjeza kusiya, mawa lake dzanja nkubwereza.

Tsiku lovuta linali Lachisanu, dzuwa lili paliwombo. Tinali kujambula pamene mayi wa m'nkhaniyo, atasiya mowa, abwerera kwa wogulitsa chifukwa cha chisoni, nkumwa kapu yonse kamodzi. Anthu a m'mudzi anadzaza kuseri kwa chingwe, ena mwa iwo anzake a Lusiya akale omwa nawo. Mmodzi, Bonifasi, anakuwa, "Lusi, wabwerera kwanu? Tikusungire malo?" Anthu anaseka. Lusiya sanatembenuke.

Chimene sindinadziwe ndi ichi. Ine ndili kopakidwa zopaka, wojambula anaona kuti pepala likuoneka loipa pa kamera, chitsononkho ndiye chokongola. A Yona anasinthanitsa zotsekera. Kwa iwo panalibe vuto, zolemba zinali pansi pa botolo. Anaika onse awiri pafupi ndi phazi langa, nati, "La madzi mwaliona, agogo?" Ndinati ndaliona. Ndinkanena la pepala.

Kabolodi kanaomba. Lusiya analowa, anakhala pa kampando, ananena mawu ake: "Thirani, mayi. Lero musandifunse." Ndinatola la pepala, ndinathira m'kapu ya pulasitiki mpaka pakamwa. Mphepo inkachokera kumbuyo kwanga, utsi wa nkhuni uli m'mphuno, sindinamve fungo. Ndinakumbuka lonjezo langa kuti lero sindilawa. Ndinatambasula dzanja. Koma dzanja lili ndi mutu wake. Linabwerera lokha kukamwa kwanga.

Moto unatsika kukhosi.

Ana inu, ndinaonapo bwato likutembenuka ndi mwera, mwamuna wanga ali momwemo. Mantha a tsiku limenelo sanafike apa. Ndinayang'ana Lusiya, ndipo ndinaona kuti iye wadziwa kale. Mphepo ija inamufikitsira fungo ine ndisanalawe. Mphuno zake zinkatukuka, ndipo dzanja lake linali litagwira kale kapu. Tinaigwira awiri.

Ndinadikira kuti a Tadala anene kati. Sananene. Iwo ankaona sewero lokoma.

Lusiya anakoka pang'ono. Ine ndinakoka. Mowa unatayikira pa zala zathu tonse.

Ananong'ona mawu amene munalibe m'nkhani: "Amayi, siyani. Palibe adziwe. Onse akuti ndi madzi."

Zinali zoona. Ndi ine ndekha ndikanadziwa, ndipo ndikanayenera kunamiza a Saidi, kapena kumulanda mwana wanga mwana wake ndi pakamwa panga. Ndinati, "Ine ndidziwa. Iwenso udziwa."

"Ndatopa, amayi."

"Ndikudziwa. Koma kapu iyi sindisiya, ngakhale undithyole zala."

Sindidziwa tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Kenako zala zake zinamasuka chimodzichimodzi. Anaimirira, anazula kamaiki m'bulauzi, anadumpha chingwe nkuthamanga. Ine ndinaponya kapu ija pamoto, ndipo lawi linakwera mpaka linapsereza ubweya wa ndodo ija. Apo ndi pamene onse anadziwa. A Yona anatembenuza botolo, anawerenga pansi, anakhala pansi m'fumbi atagwira kumutu. A Tadala anangoti, "Mulungu wanga," nkuyamba kulira. Ine ndinalibe nthawi ya misozi ya munthu.

Ndinadziwa kuti fungo likalowa m'mutu mwa munthu wotere, miyendo imadziwa njira yokha. Ndinayamba ndi nyumba zotcheza, zonse ndimazidziwa. Pakhomo lililonse ndinkaima kaye, kuopa kusuzumira. Kwa Nachisale kunalibe. Kuseri kwa chigayo kunalibe. Ndinakumana ndi Bonifasi, kuseka kutamuthera. Anati, "Agogo, watsikira kumathandala a nsomba. Sanakhote."

Ndinamupeza kuthandala la kumapeto, kumene amayi amatumbula nsomba. Anali atagwada, manja onse ataviika m'beseni la matumbo a kampango mpaka m'zigongono, akuzipaka, kenako nkununkhiza zala, nkuviikanso. Ntchentche zili ng'waa. Amayi otumbula anali atamuzungulira, mmodzi akumupatsira beseni lina.

Atandiona anati, "Fungo silikuchoka."

Ndinagwada pambali pake, nanenso ndinaviika anga. Ndinamuyandikira kukamwa ngati ndikumupukuta thukuta. Anadziwa chimene ndinkafuna, anandipumira kumaso. Munali fungo la njala basi.

"Sindinalawe, amayi. Koma mukanasiya, ndikanamwa."

"Ndikudziwa."

"Mudzawauza a Saidi?"

"Udzawauza wekha, monga wandiuzira ine."

Chimene ndinatolapo pa ntchito imeneyo ndi ichi: pamene wodziwa kulemba ndi wosadziwa agwira ntchito imodzi, chizindikiro chigwirizanidwe ndi pakamwa, mokweza, onse akumva. A Yona anakhulupirira katepi kawo, ine chitsononkho changa, ndipo manyazi anga onena kuti sindiwerenga akanamwetsa mwana wanga. Kuyambira tsiku limenelo ndikafika paliponse ndimayamba ndanena: ine sindiwerenga, ndiuzeni.

A Tadala anabwera kunyumba mawa lake, nati afufuta chithunzi chija. Lusiya anawaletsa. Anamaliza masiku anayi otsala, pamalo ojambulira popanda botolo lina koma la madzi amene iye mwini anatunga. Filimu anaionetsa ku Blantyre, ndipo ndimamva kuti anthu amayamikira pamene tikukokerana kapu, ati gogo uja ndi katswiri. A Yona akadali pa ntchito yomweyo, ndipo pa Khirisimasi ananditumizira chitenje. Bonifasi tinamuika chaka chatha, anafa ndi chiwindi.

A Saidi anamva nkhani yonse kuchokera pakamwa pa Lusiya, mpaka mawu aja akuti ndikanamwa. Atamva anati, "Kufuna si kulawa." Chaka chitakwana anatsika pa minibasi atagwira Tamala padzanja. Mwanayo tsopano ali sitandade 2, ndipo chipsera chake sabisa.

Lusiya filimuyo sanaionere, akuti adzaonera limodzi ndi Tamala akadzakula. Amayanika usipa, Lachitatu amapita ku gulu lake. Mmawa uno wadzuka ali bwino. Za mawa musandifunse, inenso ndimadzuka ndi mantha omwewo.