Masitepe a Mayi Chikolopa

M'nyumba yosanja ija ochepa ankadziwa dzina lawo lenileni. Ankangoti Mayi Chikolopa, iwonso n'kumayankha. Zaka pafupifupi makumi awiri ankakolopa masitepe a nyumbayo, kuyambira pamwamba, akutsika chambuyo, ndowa ili pambali. Wotaya khoko la nthochi ankamulalatira mpaka pakhomo pake. Malipiro anali ongogulira sopo, koma mbiri yoti masitepe awo ungadyerepo inkawakwanira.

Tsiku lina kunabwera ojambula sewero la pa kanema. Nkhani yawo inali ya mtsikana wosauka wa m'tauni, ndipo mkulu wawo, mnyamata wovala chipewa chotembenuza, anawakonda masitepewo poti anali opanikiza ndi amdima. Vuto linali limodzi basi.

"Mayi, pano payera kwambiri," anatero mkuluyo. "Owonera sangakhulupirire kuti pamakhala amphawi."

"Amphawiwo ndife, bambo. Mumatiyesa timagona padzala?"

Koma mwini nyumba anali atavomera kale. Ojambulawo anakhuthula matumba awiri a zinyalala zobwera nazo, n'kupaka makala pakhoma. Zinyalala zonyamulira pagalimoto! Kenako, pofuna kuwapepesa, anapempha mayiwo kuti azioneka akusesa kumbuyo kwa mtsikanayo.

"Koma musasese zenizeni. Muzingoyerekeza."

Anayesa katatu, dzanja linakana. Mtsikana akamamaliza kulira, masitepe asanu amakhala atayera kale. Mkuluyo anawauza kuti akapume, ndipo masiku anayi onse mayiwo ankadumpha zinyalalazo ngati mlendo. Ojambula atachoka, anatsuka khomalo mpaka manja anasupuka.

Sewero linatuluka patapita miyezi itatu, ndipo linatchuka. Anthu ankati ojambula aja amaidziwadi tauni. Mayi Chikolopa analiwonera kwa telala wa pansi, ataima pakhomo.

Litangotha, foni inalira. Anali mwana wawo wamwamuna, amene anakwatira kutali. Anali atasonkhanitsa apongozi ake kuti aone kumene anakulira, poti telala anali atamutsina khutu.

"Amayi, mukudwala kodi? Kapena ntchito inatha osandiuza? Apongozi akufunsa ngati mumakhaladi pamenepaja."

Mayiwo anayang'ana masitepe awo, akadali onyowa. Kufotokoza za matumba a zinyalala kunawakulira. Ndani angakhulupirire mayi wokolopa kusiya kanema?

"Si kwathu kuja," anatero. "Nyumba za m'tauni zimangofanana."

Sitepe yobenthuka imene inaoneka pa kanemayo mwanayo ankaidziwa bwino, ndi imene inamugulula dzino ali wamng'ono.

"Chabwino, amayi," anatero. "Ndiwauza kuti si kwathu."