Tinsalu ta Pansi pa Makina a Telala

Sindinaphunzirepo kuvina. Bambo anga anali mkulu wa mpingo, ndipo kwathu kumapiri ng'oma tinkaimvera patali. Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi, boma linanditumiza ku sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Senga Bay kuti ndikaphunzitse atsikana zosoka ndi zaluso. Ndinali wosakwatiwa, wopanda mbale kuderalo. Anandipatsa nyumba ya kumapeto kwa mzere wa nyumba za aphunzitsi, yoyang'anizana ndi malo amene anthu ankayanikapo usipa.

Masiku amenewo mayi aliyense ankayenera kupita kokonzekera magule a chipani, kawiri pa sabata, masana. Kukana kunalibe. Ndinkapita, ndi kuima pa mzere ngati mtengo wa mbendera, amayi anzanga akutembenuka ndi chimtali mbali zonse. Amene ankayambitsa nyimbo anali mayi wina wogulitsa usipa, wamfupi, wa mawu otha kuwoloka mudzi wonse. Tsiku lachitatu anaimitsa nyimbo pakati, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Adona," anatero, "chiuno munachiiwala ku koleji kodi? Lembani kalata akutumizireni pa sitima, tikachilandire ku siteshoni."

Onse anaseka. Ine sindinaseke, pakuti sindinazolowere kusekedwa. Koma dzina lakuti Adona linakhala, ndipo pakamwa pa mayiyo silinkapweteka.

Ku koleji tinali ndi mphunzitsi wa zaluso amene ankatiikira mbale ya nyimbo pa galamafoni ndi kutilamula kuti tijambule zimene tikumva, osati zimene tikuona. Anzanga ankayesa masewera. Ine ndinapitiriza chizolowezicho ndekha, ndi wailesi, chifukwa m'nyumba ya kumapeto ija munalibe wina wolankhula naye. Sabata ina phazi langa linatupa ndi munga, ndipo anandilola kukhala pansi pa mtengo pamene ena ankavina. Ndinatulutsa kope ndi khala, ndikuyamba kulemba mizere motsata ng'oma. Mayi wa nyimbo uja anadzandilanda kopelo, naliyang'ana mozondotsa, kenaka nkulitembenuza bwino, nathamanga nalo kwa amayi a tcheyamani, amene ankatsogolera amayi onse a chipani m'dera lathu.

"Amayi, awa asamavinenso, akutiwonongera mzere. Azitijambula basi. Onani, iyi ndi ng'oma yaikulu, iyi ndine."

Umu ndi momwe ndinamasukira ku gule. Kuyambira pamenepo mayiyo ankapatukira kunyumba kwanga pochokera kunyanja, atanyamula kambale ka usipa. Ankakhala pakhonde, miyendo atatambasula, ndi kumaweruza zojambula zanga mopanda mantha. "Apa mwaphonya, Adona. Nyimbo imeneyi imakwera kawiri, inu mwaikweza kamodzi." Kupatula ana a sukulu, palibe munthu wina amene anakhalapo pakhonde langa chaka chonsecho. Tsiku lina, akutola mchenga m'mbale ya usipa, anandiuza mwachidule kuti anaika ana atatu m'manda, onse asanayambe kukwawa. 

Chaka chotsatira a hedi anakonza tsiku la makolo, naitana mlendo wochokera ku boma. Anafuna chinthu chachilendo choonetsa mlendoyo, ndipo anandipempha kuti ndijambule chithunzi chachikulu pamaso pa anthu, amayi ali mkati movina. Ndinavomera ndi mtima wonyada. Ndinapeza chitseko chakale, ndikuchikuta ndi mapepala a matumba a simenti. Koma penti wa ufa anali atatsala wochepa. Ndinali ndi dothi lofiira, makala, ndi buluu wochapira, basi. Pamenepo ndinakumbukira zimene tinaphunzira ku koleji, zomata tizidutswa ta nsalu pa chithunzi ndi phala la ufa wa chinangwa.

Telala wa m'dera lathu anali bambo wachisilamu amene ankasokera pakhonde la golosale. Pansi pa makina ake panali mulu wa tinsalu totsala. Ndinamupempha kuti andipatse.

"Timeneti ndimatentha, aphunzitsi," anayankha osaimitsa phazi. "Eni ake amakonda choncho."

Ndinamuuza kuti kutentha nsalu yabwino ndi kuwononga, ndipo ndi ntchito ya sukulu. Anaimitsa makina, nandiyang'ana kanthawi.

"Wallahi, ndikulumbira, ine sindinakupatseni. Mukatola, mwatola nokha."

Ndinayesa kuti ndi kuuma manja kwa anthu amalonda. Ndinawerama ndi kudzaza thumba.

Tsikulo kunawomba mphepo ya mwera kuyambira m'mawa. Chitseko changa anachitsamiritsa ku mtengo wa mango, pafupi ndi mipando ya alendo. Ng'oma zitayamba, ndinaiwala anthu. Ng'oma yaikulu ndinaipatsa dothi lofiira, mizere yolemera ya m'munsi. Yaing'ono ndinaipatsa madontho a buluu othamangitsana. Kuwomba m'manja ndinakulemba ndi khala, timizere tifupitifupi. Kenaka ndinayamba amayiwo. Onse anali atavala nsalu imodzi ya chipani, kotero kuti pa bwalo sankasiyana. Koma ine ndine mphunzitsi wa zosoka. Munthu ndimamukumbukira ndi nsalu yake ndisanakumbukire dzina lake. Ndinkati ndikamva mawu a mayi wakutiwakuti mkati mwa nyimbo, dzanja langa linkapita lokha m'thumba ndi kutulutsa kansalu kamene ndinkamudziwa nako masiku wamba. Aliyense ndinamuveka chake.

Mayi wa nyimbo ndinamusiyira pakati. Kwa masabata angapo ndinali nditamva kuti mpweya wake ukumuthera mzere wa nyimbo usanathe, chinthu chimene sichinkachitika kale, ndipo ndinali nditaona kuti nsalu akuimangira m'mwamba. Ndinajambula zimene ndinamva. Ndinamupatsa thupi lodzaza, lozungulira kutsogolo, ndikumatapo kansalu kake kachikasu ka mbalame zakuda. Mphepo inakakweza. Ndinamatanso, inakakwezanso, pakuti phala linali lisanaume. Pa kolala ya bulauzi yanga sipankasowa mapini. Ndinasolola atatu, ndikubaya kansaluko pakati kuti kakhazikike, ndikupitiriza ntchito nyimbo isanathe.

Mlendo wa ku boma anaimirira ndi kuwomba m'manja. Ananena kuti sanaonepo zotere m'boma lonse. A hedi anamwetulira mpaka mano onse kuonekera. Kenaka amayi anabwera kudzaona, akupukuta thukuta, akuseka. Kuseka kunatha pang'onopang'ono, kuyambira kwa amene anali kutsogolo.

"Iyi si ya diresi langa la ku tchalitchi iyi?" anatero mmodzi.

"Iyo ndi yanga. Ndinasoketsa mwezi wathawu."

Amayi a tcheyamani anandiyandikira, nalankhula motsitsa kuti mlendo asamve. "Aphunzitsi, nsalu za anthuzi mwazitenga kuti? Mwapempha kwa yani? Ndipo mapini awo zulani msanga."

Apa ndiyenera kulemba cholakwa changa chachiwiri, chimene chinaposa choyamba. M'malo mozula mapiniwo ndi kupepesa, ndinayamba kuphunzitsa. Ndinafotokoza za mphepo ndi za phala. Ndinanena kuti nsalu ndi nsalu, singadwalitse munthu, ndipo dziko lotukuka silingamangidwe ndi anthu oopa tizigamba. Ndinalankhula ndi mawu a m'kalasi, kwa amayi amene ena mwa iwo anali a msinkhu wa mayi anga.

Mayi wa nyimbo anali chiimire patsogolo pa chithunzi chake, manja onse awiri atagwira pamimba. Sanakweze mawu.

"Mimba iyi palibe amene anaitchula pakamwa m'mudzi muno. Tonse tinkaidutsa ngati sitikuiona, kuti ikhale. Inu mwaipachika pa chitseko pamaso pa alendo, mwaibaya katatu."

Anazula yekha mapiniwo, mmodzimmodzi, nawaponya pansi, nachoka. Amayi ena anamutsatira.

Madzulo ake ndinamatula tinsalu tonse. Ndinatichapa kuti phala lichoke, ndinatisita, ndipo Loweruka ndinayenda khomo ndi khomo kubweza kalikonse kwa mwini wake. Ena ankalandira ndi zala ziwiri ndi kuponya pamoto ine ndikuona. Ena ankati ndiike pansi, atola okha. Kwa mayi wa nyimbo ndinapeza mwamuna wake akusoka ukonde pabwalo. Anati mkazi wake wachoka, ngakhale ndinkamva kutsokomola kwake m'nyumba. Ndinasiya kansalu kachikasu mu envulopu, pa mpando.

Palibe amene ananditchula mfiti. Mawu amenewo akanafika ku boma akanabweretsa mlandu, ndipo anthu a nthawi imeneyo ankadziwa kusunga pakamwa. Anangondisiya. Atsikana a m'kalasi langa analeka kubweretsa nsalu za kwawo, ndipo kwa teremu yonse ndinawaphunzitsa kusoka pa mapepala a nyuzi. Ulusi ukaduka, ankatola kachidutswa kalikonse ndi kuika m'thumba la yunifolomu. Amayi a tcheyamani anatumiza uthenga kuti kokonzekera magule ndisavutike kupitako, ntchito ya sukulu ndi yambiri. Usipa ndinayamba kukagula ku msika wa ku Salima, chifukwa pa gombe lathu ndinkapeza utatha nthawi zonse, ngakhale uli poyanika.

Aliyense ankadikira chinthu chimodzi, ndipo ndinkachidziwa. Mwanayo akanafa monga anafera anzake atatu, chifukwa chake chinali chitapezeka kale. A hedi anandiitana mu ofesi, nandiuza mwaulemu kuti angathe kundilembera kalata yopempha kusamutsidwa. Ndinakana. Kuchoka kukanakhala kuvomera. Komanso, ndinene zoona, sindikanatha kukhala kutali osadziwa mapeto ake. M'mawa uliwonse ndisanapite ku sukulu ndinkagwada ndi kupempherera mwana amene ndinali ndisanamuone, ndipo sindingathe kulekanitsa bwino kuti m'pempherolo chikondi chinali chochuluka bwanji ndi mantha anali ochuluka bwanji. Masana a magule ndinkamva ng'oma ndili patebulo ndikuchonga makope. Poyamba mawu ake ankamvekabe pamwamba pa ena. Pambuyo pake nyimbo ankayambitsa ndi mayi wina wa mawu opyapyala. Khala ndi kope sindinazikhudze.

Mvula itayamba, ndinamva atsikana awiri akunong'onezana kumbuyo kwa kalasi kuti mayi uja wachira ku chipatala, mwana wamkazi, wamoyo. Ndinawadzudzula chifukwa cholankhula m'kalasi, ndikutuluka panja kukaima ndekha kuseri kwa chipupa.

Ndinadikira kuti mwanayo atuluke m'chikuta. Pa masabata amenewo ndinasoka kadiresi ka nsalu yatsopano yoyera, yogula m'sitolo ku boma, imene munthu sanavalepo. Pachifuwa ndinakakongoletsa ndi ulusi wofiirira, ntchito yabwino koposa imene manja anga anagwirapo. Ndinagulanso mpiringidzo wa sopo. Loweruka m'mawa ndinavala bwino ndi kupita.

Ndinampeza atakhala pamkeka pakhonde, mwana ali pamiyendo. Ndinaodira.

"Fikani, aphunzitsi," anatero.

Anali asananditchulepo choncho. Ndinakhala kumapeto kwa mkeka, ndikupereka mafuno abwino monga mwa mwambo. Anakweza shawelo pang'ono kuti ndione nkhope ya mwanayo, yonenepa, ya tsitsi lambiri, kenaka anaibwezera. Sanandipatse kuti ndimunyamule. Sopo analandira ndi manja awiri, nathokoza. Kadiresi anakafunyulula, nakayang'anitsitsa, nayendetsa chala pa ulusi wa pachifuwa.

"Manja muli nawo, zimenezo palibe angakane." Anakapinda bwinobwino monga ndinakapindira, nakaika pa maondo anga. "Sopo ndalandira. Aka kasungireni wanu."

Ndinamufunsa ngati akuganizabe kuti ndinafuna kumuchitira choipa.

"Ine sindiganiza kanthu, aphunzitsi. Mwina inali mphepodi. Koma ndinaika atatu, uyu sindimuyesera." Anagwedeza mwana. Kenaka anati, "Akayamba kuyenda mudzabwere. Pamenepo tidzaona."

Ndinakhala pa sukulu imeneyo zaka zina zinayi. Atsikana anayambiranso kubweretsa nsalu, ndipo anthu ankandipatsa moni panjira, moni waulemu wonse. Mwanayo anakwawa, anaima, anayenda. Ndinamuona ndekha tsiku lina ndili pawindo la kalasi, akutsatira amake kunjira ya kunyanja, atagwira m'mphepete mwa chitenje chawo. Sabata imeneyo ndinkayembekezera kuti atuma munthu kudzanditenga. Sanatume. Mwina iye ankaona kuti anandiitana kale tsiku lija pamkeka, ndipo kwatsala nkwa ine. Koma ine ndinaleredwa kuti pakhomo pamene unabwezedwapo mphatso supitapo wosaitanidwa kachiwiri. Ndinadikira mpaka kalata yondisamutsira ku sukulu ya kumtunda inafika, ndipo ndinakwera lole ya katundu wanga ndisanapiteko kwa mayi uja.