Azakhali Achibwibwi ndi Mpikisano wa Mtsutso

Azakhali anga ankaphunzitsa zamalamulo payunivesite, ndipo anali achibwibwi chibadwire. Atanena kuti akufuna kuyambitsa mpikisano wa mtsutso wa mayunivesite a kontinenti yonse, mkulu wa yunivesiteyo anaseka mpaka misozi.

"Mayi, inu moni weniweniyu amakuvutani kumaliza. Holo sindikupatsani."

"Lilime langa ndi lolemera, bwana, koma silibwerera m'mbuyo," anayankha azakhali.

Chaka chonse ankaimbira foni aphunzitsi a m'mayiko ena, ena n'kumawadulira asanamalize kulankhula. Magulu a ophunzira atafika, azakhali anawalowetsa m'chipinda chodyera n'kukankhira matebulo kukhoma. Mkulu uja atatuma mlonda kuti akatseke, azakhali anakhazika mpando wawo pakhomo penipeni.

"Kawauzeni abwana anu adzatitsutse okha."

Bwanayo sanabwere. Mpikisano unachitika, ndipo chaka chotsatira dziko lina linapempha kuti ukachitikire kwawo.