Mkamwini Wogona Masana

Ndinayamba kudandaula ku ofesi ya zaumoyo Lolemba lotsatira Pasaka. Ndinabwererako nthawi yokolola nyemba. Ndapitanso sabata yathayi. Mapepala onse ali m'pasita, chikwama changa cha mapepala, lililonse ndi karimbo yake, chidindo cha ofesi. Yankho ndiye palibe.

Nkhani ndi ya Lusiyano, mwana wa mlongo wanga, amene ali pachikamwini kufupi ndi Domwe. Nkhoswe yake ndine. Anagwa pa mota, njinga yamoto, akupita ndi mbatata ku Kalomwe, mutu n'kumenya mwala. Kuchipatala anamusoka, bala linapola, koma tulo take tinasokonekera pomwepo. Usiku amangotembenuka, kutuluka panja, kulowanso. Dzuwa likakwera tulo timamugwira paliponse, ngakhale khasu lili m'manja.

Ndikamutengera kuchipatala chaching'ono cha kwathu, anamwino amapatula tsitsi n'kuyang'ana chipsera. "Papola bwino apa, madala. Azigona msanga."

Azigona msanga? Kodi akuchita kufuna?

Lachitatu lapitali kunabwera a Mbewe, nkhoswe ya kuchikazi. Mpando anaukana.

"A Jere, munthu wanu tamupeza kudimba akuliza mkonono m'ngalande, madzi akukokolola mbatata za apongozi ake."

"Akudwala," ndinatero.

"Akudwala chiyani? Pepala la kuchipatala munatiwerengera ndinu nomwe. Linati wachira."

Sananame. Ndinaliwerenga ndine pamaso pa mudzi wonse, n'kulimasulira kuchoka m'Chipwitikizi, ndili wokondwa.

"Mkamwini ndi khasu, a Jere. Lamulungu mubwere mudzamutenge. Kapena kwanu n'kumene kuli mphasa zofewa."

Awerengi anga, ndikufunseni. Lusiyano akanathyoka mwendo, ndani akanamutuma kudimba? Apongozi ake omwewo akanamuphikira phala. Ife timakhulupirira matenda amene maso athu aona: magazi, ndodo, bandeji. Za m'kati mwa mutu timazitcha ulesi. Ndipo m'midzi yathu munthu woyenda usiku n'kugona masana sachedwa kupatsidwa dzina lina, loipa kuposa ulesi. Ayamba kale kunong'onezana.

Mnyamata ameneyu asanagwe ankafika kumunda mame asanaume. A Mbewe omwewa ankati mwana wawo anasankha bwino. Ulesi wake unali kuti nthawi imeneyo? Unkadikira mwala?

Mkazi wake Felista anandipeza kumsika, mwana kumsana. "Malume, ine sindikufuna apite. Koma amayi akuti ndikudyetsa mlendo. Akulu akuchipatala atangonena kuti ndi matenda, amayi angamve."

Ine ndanena, sandimvera. Mawu a nkhalamba alibe karimbo.

Tayang'anani pamsewu wa ku Kalomwe anyamata athu akuuluka pa mota, matumba kumbuyo, mitu pamtetete. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ena a iwo ndi ana a a Mbewe.

Choncho, kwa akuluakulu oyang'anira zaumoyo m'boma lathu lino, ine Jere, nkhoswe ya Lusiyano, ndikupempha mwaulemu kuti mundiyankhe polemba, musaine, muike karimbo. Kodi kusowa tulo usiku ndi kugona masana, munthu atavulala m'mutu, ndi matenda kapena ayi? Ngati ndi matenda, mutiuze kumene tingapite naye. Ngati ndi ulesi, lembaninso zomwezo, ndikamutenge ndekha pamaso pa mkazi wake ndi mwana wake.

Yankholo lindipeze lisanafike Lamulungu.