Patsogolo pa Lole ya Abambo

Chifunga cha kuno ku Dubai chimanunkha mchere ndi utsi wa galimoto. Chimabwera m'miyezi yozizira, m'mawa, n'kumeza nyumba zosanja zonse za ku Al Nahda, moti ndikaima pakhonde msewu sindiuona, ndimangomva mahutala pansipo. Akamwini anga amatuluka ndithu, ati ku Jebel Ali ntchito sidikira nyengo. Ndikawauza kuti asamatsate magetsi ofiira a galimoto za anzawo, amangoseka: "Khalas, basi amayi, tikafika, inshallah." Mwana wanga, amene amagwira ntchito m'ndege, anandionetsapo pafoni misewu ya kumayiko ozizira itatsekedwa ndi chipale chofewa, galimoto zitaunjikana ngati nkhuni. Ankayesa ndidabwa. Msewu wotsekedwa ine ndinaudziwa ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinauyenda wapansi.

Chifunga cha kwathu ku Thyolo chinkanunkha zina: masamba a tiyi ofota, bulugama wonyowa, utsi wa mbaula wokakamira m'mabulangete. Chaka chimenecho chiperoni chinagona masabata. Mvula yake sinkagwa, inkangolendewera m'malere n'kumakulowa m'mafupa. Zovala sizinkauma, mchere unkasungunuka m'chitini, machesi amayi ankawabisa m'duku kuti asachite chinyezi. Tinkakhala m'nyumba za pamzere za paesiteti, pamene abambo ankayendetsa lole yonyamula masamba. M'mawa uliwonse ankaithira madzi otentha kuti ilire, n'kuzimiririka nayo asanafike n'komwe pamtengo wa mapeyala wa kumapeto kwa mzere.

Amayi anali oyembekezera, mwezi wotsiriza. Matenda anawayamba Lachiwiri masana, ndipo Lachitatu m'mawa azamba anatuluka m'nyumba akupukuta manja, n'kuuza abambo kuti mwana wagona mopingasa, iwo zawakanika. Chipatala cha mishoni chinali kuseri kwa phiri, msewu wake wadothi, wokhotakhota, mbali ina khoma la phiri, mbali ina phompho. Abambo anapempha lole kwa akapitawo. Amayi tinawagoneka kumbuyo pa masaka, pansi pa tenti, azakhali anga, mlongo wawo wa abambo, atawagwira mutu. Ine ananditenga kuti ndizikatunga madzi kuchipatalako, ndipo ndinakhala kutsogolo nditakumbatira beseni.

Pamene msewu unkayamba kutsetsereka tinapeza migolo iwiri ndi mtengo wopingasa. Mlonda wa a zamisewu anali m'kachisakasa akuwotha moto, atadzifunditsa saka. Anati msewu anautseka dzana, dothi likugumuka, koma malo enieni sakuwadziwa chifukwa iye sanapiteko. Pomwepo panalinso pikapu ya wamalonda wina wa jekete lachikopa, amene anali atatopa n'kudikira. Atamva kubuula kwa amayi, wamalondayo anachotsa yekha mtengo uja n'kutembenukira kwa abambo.

"Achimwene, msewu uwu ndimaudziwa ngati chikhatho changa. Ingotsatani magetsi angawa."

"Pitani bwino," anatero abambo, osasuntha.

Magetsi ofiira aja anachepa, anachepa, n'kuzima. Ine mtima unandiwawa, chifukwa ndinkaona kuti munthu wabwino watisiya. Abambo anapita kwa mlonda uja n'kumupempha kuti ayende patsogolo pa lole, azitisonyeza njira. Bamboyo sanadzutse n'komwe mutu. Anati ntchito yake ndi migolo, akachoka pamenepo ana ake adya chiyani. Nkhope yake ndimaikumbukira mpaka lero. Sanali munthu woipa, ndipo n'chifukwa chake anthu ooneka abwino sindiwadalira.

Abambo anazungulira kumbuyo n'kulankhula ndi azakhali motsitsa mawu. Atabwerako anatenga nsalu yoyera m'beseni muja, imene amayi anakonzera khanda, n'kundimanga nayo m'mapewa. Manja awo ankanunkha dizilo ndipo ankazizira ngati mwala.

"Esinati, tamvera. Uziyenda patsogolo pa lole, mbali ya phiri, dzanja lako lisachoke pakhoma. Ukaima, ndiima. Usathamange, usacheuke. Wamva?"

"Ndamva, abambo."

Ndinalibe nsapato. Matope ofiira ankatuluka pakati pa zala, ozizira mpaka kumano. Kutsogolo sindinkaona kanthu, koma kuyera kokhakokha, ngati munthu wakuvindikira m'mbale ya enamulo. Dzanja langa lamanzere linkakhudza khoma lonyowa, ndere, mizu, timadzi totsika. Kumanja, pansi kwambiri, mtsinje unkasokosa osaoneka. Ndipo kumbuyo kunali lole, ikung'ung'udza m'giya yoyamba, kutentha kwa injini kukundifika m'miyendo. Nthawi zina matayala ankaterereka, ndikumva chitsulo chonsecho chikubwera chokha, kenako n'kugwira. Khosi linkafuna kucheuka, ine n'kumalikaniza.

Sindidziwa kuti tinayenda nthawi yaitali bwanji. Ndikudziwa kuti kubuula kwa amayi kunayamba kuchepa, ndipo kuchepako kunandiopsa kuposa kubuula. Ndinayamba kufulumira. Hutala inalira kamodzi, mwachidule, ndipo ndinabwerera pa mayendedwe a poyamba. Ndinkalira mosatulutsa mawu, mamina akusakanikirana ndi mvula. Mumtima ndinali nditamaliza kale kuweruza mlandu: abambo asankha. Amayi ndi khanda ali pamasaka, iwo ali pampando wouma, amene angapondedwe ndine.

Kenako ndinaona kufiira kuwiri m'chifungamo, koma kunali pansi, malo osayenera magetsi a galimoto. Phazi langa lamanja linaponda dothi lofewa ngati phala, ndipo linatsika. Ndinaima. Lole nayo inaima, itatsetsereka pang'ono, mphuno yake n'kutsala pafupi ndi msana wanga moti ndikanaigwira osatambasula dzanja. Theka la msewu panalibe. Madzi anali atakokolola kalavati, ndipo pikapu ija inali italowetsa mutu m'dzenjemo, matayala akumbuyo ali m'mwamba. Mwini wake anali atakhala pamatope, magazi ali pamphumi, jekete lija litang'ambika, akungobwereza kuti dzana panali bwinobwino.

Abambo anatsika n'kuyeza ndi mapazi malo otsalawo, kuchokera pakhoma kukafika pogumuka. Anayeza kawiri. Anathyola nthambi n'kuzizika m'mphepete, kenako anandinyamula n'kukandiimika kutsidya, patali, pamwala. Wamalonda uja anamukweza kumbuyo popanda kumunena kanthu. Lole inadutsa ikukhula khoma, matabwa ake akulira, dothi likugwera m'dzenje pansi pa tayala lakumbuyo. Kuchokera pamenepo ndinatsogolanso mpaka chifunga chinayamba kupyapyala, malata a chipatala n'kuonekera.

Amayi anawang'amba madzulo omwewo. Mlongo wanga Yohane anabadwa wamoyo, ndipo anamufunditsa nsalu yobwereka, poti yake ija inali itafiira ndi matope. Amayi anachira pang'onopang'ono, chiperoni chitatha kale. Anthu a pamzere ankandiloza kuti mwana wolimba mtima uja ndi uyu, amayi ena n'kumandipatsa nthochi. Ine abambo ndinkawatumikira monga mwa masiku onse, madzi osamba, mbale, koma pampando wa lole yawo sindinakhaleponso. Akati tiye ndikakusiye kusukulu, ndinkati ndiyenda.

Zimene abambo anauza azakhali kumbuyo kwa lole kuja ndinazimva patapita zaka zambiri, pamaliro a abambo omwewo, ine ndili kale ndi ana awiri. Tinali kuseri tikutsuka mbale. Azakhali anati mawu a abambo anali awa: "Achemwali, mabuleki m'matope muno sagwira. Ikatsetsereka, mwana sindimuponda, ndiikhotetsera kumanja. Mukamva ndakuwa, dumphani." Ndinafunsa kuti nanga amayi akanadumpha bwanji. Azakhali anapitiriza kutsuka. Anati amayi anamva zonse, ndipo anangoti, "Chitani choncho."

Azakhali anga ankakonda kukometsa nkhani, ndipo ine sindine munthu womeza chilichonse chimene ndauzidwa. Ndakhala ndikuitembenuza nkhaniyi zaka zonsezi kufuna poipezera bodza, koma sindinapapeze. Amene ndikanawafunsa onse anapita. Kamtsikana kaja kankayenda kakuopa lole imene inali kumbuyo kwake, kakudziona kuti ndiko kotayidwa. Ine wa lero, ndikaganiza za msewu umene uja, ndimaopera anthu atatu amene anali m'lolemo.